Wayilesi Asunga Chinsinsi

1. Mngelo wolongolola

Pasukulu ina ya asisitere panali dongosolo limene sukulu zina zinkaliseka. Mwana aliyense wobwera kumene ankapatsidwa mnzake wa m'kalasi yomaliza woti azimuyang'anira. Wamkuluyo ankatchedwa mngelo. Ntchito yake inali kumuonetsa mwanayo kokamwa madzi, kokadandaula akavutitsidwa, komanso aphunzitsi oyenera kuwazemba akakwiya.

Chaka chimenecho mmodzi mwa angelo anali mtsikana amene anzake ankamutcha Wayilesi. Dzinali silinam'gwere mwangozi. Akamva nkhani pa geti, pomafika iye pa mpopi nkhaniyo inali itazungulira makalasi onse, mwinanso itanenepa. Sanali wankhanza ayi. Kungoti mawu ankamuyabwa m'kamwa ngati chitedze.

Tsiku logawa ana, a Sisitere a uphungu, amene ankasamalira mavuto a ophunzira, anasonkhanitsa angelo onse m'chipinda chawo. Munali mipando iwiri yofewa, mtanda pakhoma, ndi duwa la m'kachitini limene silinkafa komanso silinkakula.

"Ana anga, tcherani khutu," anatero a Sisitere. "Mwana amene mupatsidweyu si chidole chanu, komanso si wantchito wokunyamulirani chikwama. Akubwera ndi mantha ake. Tsiku lina adzakuuzani zakukhosi, mwina za kunyumba kwawo, mwina zochititsa manyazi. Zimenezo si zokamwaza kubwalo la mpira. Mngelo woulula za mwana wake wasanduka mdani, ndipo mwanayo sadzauzanso munthu kanthu mpaka kukula. Mwamva? Koma chinanso nachi. Katundu wina ndi wolemera, si wa pamutu pa mwana. Mukaona kuti wakukulirani, musathyoke naye khosi. Bwerani naye kuno."

Wayilesi anakweza chala.

"Nanga tidziwa bwanji kuti katundu uyu ndi wosunga, uyu ndi wobwera naye kuno?"

"Udzadziwa," anayankha a Sisitere.

Akuluakulu amalikonda kwambiri yankho limeneli chifukwa silitaya nthawi. Wayilesi anatuluka m'chipindamo asakudziwa kanthu.

Mwana amene anapatsidwa anali kamtsikana kochepa thupi, kofatsa, kamene anzake anakapatsa dzina loti Timba tsiku loyamba lomwe. Anthu atamva kuti mngelo wa Timba ndi Wayilesi anafa nacho chiseko. Wina anati a Sisitere asungitsa mbuzi kwa fisi. Wayilesi zinam'pweteka, ndipo analumbira pamaso pa onse kuti aona okha.

Masabata oyamba zinthu zinayenda bwino. Wayilesi ankalankhula, Timba ankamvetsera, aliyense n'kumakhutira ndi gawo lake. Timba ankakonda za m'tchalitchi kuposa china chilichonse, moti analowa gulu la otumikira Misa. Madzulo ankatsalira kuphunzira kayendedwe ka paguwa kwa a Katekisiti, bambo wachikulire amene sankaseka ndi mwana pa nkhani za mapemphero.

2. Kuseri kwa tchalitchi

Lachisanu lililonse sukulu inkayamba ndi Misa. Lachisanu lina Misa itatha, awiriwa anatumidwa kukatsuka mabotolo a maluwa pa mpopi wa kuseri kwa tchalitchi. Wayilesi anali pakati pofotokoza za mphunzitsi wa masamu ndi nsapato zake zolira, pamene anamva botolo likusweka.

Atacheuka anapeza Timba ali pansi. Thupi linali litauma, kenaka manja ndi miyendo zinayamba kugwedezeka. Maso anali atatembenuka, thovu likutuluka pakamwa.

"Timba! Timba iwe! Usandichite zimenezo!"

Wayilesi anathamanga pang'ono kuti akaitane anthu, n'kubwereranso poopa kumusiya yekha. Anathamanganso, n'kubwereranso. Potsiriza anavula juzi yake n'kuiika kunsi kwa mutu wa mwanayo, nakankhira kutali magalasi osweka aja. Anagwada pompo akulira, osadziwa ngati akupemphera kapena akungotchula mayina a oyera amene ankawakumbukira.

Patapita kanthawi kugwedezeka kunaleka. Timba anapuma mwamphamvu, natsegula maso ngati munthu wodzutsidwa pakati pa tulo. Anayang'ana uku ndi uku.

"Wandiona ndani?" linali funso lake loyamba.

"Ine ndekha. Tiye kwa a Sisitere, msanga!"

Timba anam'gwira siketi.

"Ayi, achemwali, chonde. Ndili ndi matenda akugwa. Ndimamwa mapiritsi m'mawa uliwonse ndipo sindigwa. Koma anthu akadziwa, sukulu yanga yathera pompa."

Anafotokoza pang'onopang'ono, mawu akutuluka molemera. Kusukulu yake yakale anagwapo m'kalasi. Kuyambira tsiku limenelo ana anakana kukhala naye desiki imodzi, ena ankatsuka kapu kawirikawiri iye akamwera. Bambo ake, amene anali kalipentala, anakamuchotsa ali wolusa. Anamusunga panyumba chaka chathunthu, ndipo pomulola kubwera kwa asisitere anamuuza mawu amodzi: zikadziwikanso kuno, sadzapondanso pasukulu ina iliyonse, chifukwa iwo sanabereke mwana woti azisekedwa.

"Ndiye ngati mapiritsiwo amathandiza, lero wagweranji?" anafunsa Wayilesi.

"Lero sindinamwe."

"Waiwala?"

"Ayi. Ndi tsiku la Misa. A Katekisiti anati munthu wofuna kulandira Ukaristia asale kudya kwa ola lathunthu, pakhosi pasadutse kanthu koma madzi okha. Nthawi yanga yomwera piritsi imagwera mu ola lomwelo. Ndiye Lachisanu ndimalibisa m'sokosi, amayi n'kumaganiza kuti ndamwa. Ndimati ndimwa Misa ikatha, koma pamakhala anthu."

Wayilesi anangoti kukamwa yasa. Za kusala kudyazo ankazidziwa, iyenso anaphunzitsidwa chimodzimodzi. Koma ngati piritsi ndi chakudya kapena ayi, funso limenelo linali lisanam'fikepo m'mutu.

Timba anatulutsa korona wake wopempherera m'thumba n'kumuika m'dzanja la mngelo wake.

"Lumbirani kuti simuuza munthu. A Sisitere anati mngelo saulula."

Wayilesi anakumbukira chiseko cha anzake chija. Anafumbata korona n'kulumbira.

Akutola magalasi, Timba anamwetulira koyamba. Anati ali ndi nkhani yabwino. Lachisanu lotsatira kunali Misa yoitanira makolo, ndipo a Katekisiti anali atamusankha kuti adzanyamule kandulo kutsogolo kwa mdipiti.

"Kandulo yoyaka?" anafunsa Wayilesi.

"Nanga pali amene amanyamula yozima?"

3. Malangizo a pa makina osokera

Amayi a Wayilesi anali telala, ndipo ankasokera pakhonde. Madzulo amenewo anadabwa kuona mwana wawo atakhala pa mpando wa makasitomala ali duu, akungopinda kansalu n'kukatambasulanso.

"Kodi lero mabatire atha?" anafunsa osachotsa phazi pa makina.

"Amayi, munthu akakuuzani chinsinsi, inu n'kulumbira, ndiye kuti basi?"

Makina anaima. Amayi aja anatsitsa magalasi n'kumuyang'ana.

"Mwanawe, ndimvere bwino. Pakhonde pano pamadutsa nkhani zambiri. Mayi akamayesa diresi amandiuza za mwamuna wake, za apongozi ake, za mimba imene sanauze munthu. Unandimvapo ine ndikuzitulutsa? Tsiku limene ndidzatsegule pakamwa, makina awa adzachita dzimbiri, chifukwa palibe adzabwerenso. Za eni ndi za eni. Iwe vuto lako ndi lomwelo kuyambira uli wakhanda, unayamba kulankhula usanayambe kuyenda. Munthu akakukhulupirira, meza. Ukaulula, mwini nkhani adzakudana, abale ake adzakudana, ndipo amene unawauzawo adzakuthawa, poti adziwa kuti mawa udzaulula zawo."

Wayilesi anagwedeza mutu. Apa zinamveka bwino, ndipo mtima unayamba kukhala pansi.

Amayi aja anapondanso makina, koma asanamalize mpendero umodzi anaimanso.

"Komatu usamve mopotoka. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Ukaona mnzako akulowera kudzenje iwe n'kukhala chete, akathyoka mwendo mlandu ndi wako. Anthu adzafunsa kuti, 'Panalibe amene ankadziwa?' Ndipo iwe udzayang'ana pansi moyo wako wonse. Wakutsina khutu ndi mnansi."

"Ndiye ndimeze kapena nditsine khutu?"

"Zimatengera nkhani yake. Ndi nkhani yanji?"

"Sindinganene. Ndinalumbira."

"Basitu, wayamba kukula," anatero amayi aja mokondwa, n'kupitiriza kusoka.

Wayilesi anadzuka pampando paja atasokonezeka kuposa mmene anakhalira.

4. Funso lozungulira

Lolemba anapeza nzeru imene anaiona ngati yakuya. Analumbira kuti sauza munthu za Timba, koma sanalumbire kuti safunsa za mapiritsi. Pa nthawi yopuma anapita kunyumba ya ansembe, kumene anapeza Bambo Mfumu atagwada pambali pa njinga yawo yamoto, manja ali bii ndi oyilo.

"Abambo, ndili ndi funso. Si la ine ayi. Ndi la munthu wina wake basi."

"Anthu ena ake amenewa amanditumizira mafunso ambiri," anatero Bambo Mfumu. "Funsa."

"Munthu akamwa piritsi Misa ili pafupi, angalandire Ukaristia?"

"Angalandire, bwanji osalandira? Madzi ndi mankhwala sizithyola kusala. Mpingo sunauzepo wodwala kuti asiye mankhwala ake. Amene akusiya mankhwala chifukwa cha Misa akulakwitsa, ndipo asiye lero lomwe." Anapukuta manja n'kumuyang'anitsitsa. "Munthu wina wakeyo akudwala chiyani?"

"Sakudwala. Ndiye kuti, akudwala, koma ali bwino. Zikomo, Abambo!"

Anathawa asanafunsidwe lina. Anam'peza Timba kuseri kwa laibulale n'kumuuza nkhani yabwinoyo mosapumira. Ankayembekeza kuti mwanayo adumpha ndi chimwemwe. M'malo mwake nkhope ya Timba inagwa.

"Mwawauza."

"Sindinatchule dzina! Ndinati munthu wina wake."

"A Katekisiti anati madzi okha. Za mankhwala sananene."

"Koma wamkulu ndani, a Katekisiti kapena Bambo Mfumu?"

"Bambo Mfumu anena zimenezo chifukwa cha chisoni. Limenelo ndi lamulo la odwala." Timba anakweza chibwano, maso atadzaza misozi. "Ine sindikufuna lamulo la odwala, achemwali. Kunyumba ndine wodwala. Kuchipatala ndine wodwala. Paguwa pokha ndi pamene ndimafanana ndi anzanga. Ndisala ngati wina aliyense."

Wayilesi anayesa uku, anayesa uku, koma Timba anali ngati msomali wokhomerera kale. Kamwana kofatsa kakakana, kamakana kuposa wolongolola.

Tsoka silinathere pomwepo. Lachitatu pa masewero, mphunzitsi wa zamasewero anamutulutsa Wayilesi m'bwalo n'kumukhazika pamthunzi.

"Upume kaye, mwana wanga. Usadzikakamize."

"Koma sindinatope, Madamu!"

"Ndi mmene amanenera onse. Khala pansi."

Anzake anayamba kumuyang'ana mwachifundo. Wina anam'patsa lalanje. Wina, amene anali asanalankhulane naye chiyambire teremu, anadzam'nyamulira chikwama. Wayilesi anadya lalanjelo asakumvetsa kuti walilandira chifukwa chiyani. Madzulo ake mtsikana woyang'anira kalasi anam'nong'oneza kuti a Sisitere a uphungu akumufuna.

5. Mpando wofewa

A Sisitere anatseka chitseko n'kumuonetsa umodzi mwa mipando yofewa ija. Pasukulu ponse ankadziwa kuti mpando umenewo ndi wa anthu amavuto.

"Bambo Mfumu andiuza za funso lako," anayamba motero. "Sanachite miseche, anachita mantha. Ine ndinangopempha a Madamu kuti asakuthamangitse kwambiri mpaka tilankhulane, koma ndikuona kuti pempho langa lamera miyendo. Pepa. Tsopano ndiuze, ukumwa mankhwala anji?"

Apa mpamene Wayilesi anamvetsa za lalanje lija.

"Si ine, a Sisitere."

"Ndi ndani?"

Wayilesi anayang'ana duwa la m'kachitini. Akanati ndi iye, likanakhala bodza, ndipo akanam'funsa dzina la mankhwala limene sankalidziwa. Akanati ndi Timba, lumbiro likanasweka, ndipo mwanayo akanabwerera kukakhala panyumba.

"Kapena ndi ine," anatero. "Ayi, si ine. A Sisitere, sindikudziwa."

"Sukudziwa ngati ukudwala?"

"Sindikudziwa choti ndinene."

A Sisitere anakokera mpando wawo pafupi.

"Sindikukakamiza. Chinsinsi chochita kukoka ndi pulayala chimatuluka ndi magazi. Koma ndikuuze zimene ndaona pa ntchito ino. Ana ambiri amaganiza kuti kusunga chinsinsi ndi kusunga mnzawo. Nthawi zambiri n'zoona. Koma pali tsiku limene ziwirizi zimasiyana njira, chinsinsi chikupita uku, mnzako akupita uko, ndipo iwe sungatsate zonse. Ndinaonapo ana atasunga mawu bwinobwino mpaka mnzawo kunyamulidwa pa machira. Ndinaonaponso ena ataulula zinthu zosafunika kuulula, ubwenzi n'kutha, mwana n'kusiya sukulu chifukwa cha manyazi. Sindikunamiza kuti ukalankhula zonse zidzakoma. Mwina adzakuda. Mwina ine ndemwe ndidzalephera kukonza. Chimene ndingakulonjeze n'chakuti sudzakhala wekha. Funso loti udzifunse ndi limodzi: ukakhala chete, chingamuchitikire n'chiyani?"

"Nanga ndikalankhula chingamuchitikire n'chiyani?" anafunsa Wayilesi.

"Limenelonso ndi funso," anavomera a Sisitere.

Wayilesi anatuluka ndi mafunso awiri, chikhalirecho analowa ndi limodzi.

Lachinayi madzulo anakakhala kumbuyo m'tchalitchi kuonerera otumikira Misa akuyeserera. Timba anavala mkanjo woyera umene unam'kulira, manja ake ataliatali akulendewera. A Katekisiti anayatsa kandulo n'kumupatsa. Choikapo kandulocho chinali chachitsulo, chachitali pafupifupi ngati mwini wake. Patsogolo pake pankayenda mnyamata wonyamula chofukizira lubani chodzaza makala amoto, ndipo kutsogolo kwawo kunali masitepe a simenti okwerera paguwa.

Timba anayenda bwino kwambiri, nkhope ikuwala. A Katekisiti, amene sankayamikira munthu, anati, "Ehe, choncho."

Potuluka Wayilesi anam'dikirira pakhomo.

"Mawa udzamwe, wamva? Ndakupempha."

"Ndamva, achemwali," anatero Timba, akuyang'ana kumbali.

6. Lachisanu

M'mawa mwake bwalo la sukulu linadzaza makolo. Wayilesi anadutsa pakati pawo osapatsa moni aliyense, mpaka kuchipinda chovalira otumikira Misa. Anam'peza Timba atavala kale mkanjo, akumanga chingwe m'chiuno. Anam'kokera pakona.

"Wamwa?"

Wayilesi anawerama n'kugwira sokosi ya mwanayo. Kanthu kolimba kanali momwemo, kokulungidwa m'kapepala.

"Imwa pompano. Madzi ndikutungira ine."

"Misa ikatha."

"Timba, pali moto! Pali masitepe!"

"Munalumbira," anatero Timba motsitsa mawu. "Adadi abwera. Ali panja. Atseka shopu kuti adzandione ndikunyamula kandulo."

Belu loyamba linalira. A Katekisiti anayamba kundandalika ana, akugwedeza bokosi la machesi.

Wayilesi anatuluka. Analowera kumene kunali kalasi yake, n'kuima. Anabwerera kuchipinda chovalira chija, n'kuimanso. Mayi wina anam'funsa kumene kuli zimbudzi za alendo, iye n'kumulozera ku ofesi ya ahedi. Kenaka anaona chovala cha a Sisitere a uphungu pakhomo la tchalitchi, ndipo miyendo inayamba yokha kuthamanga.

"A Sisitere, ndi Timba. Ali ndi matenda akugwa. Sanamwe piritsi chifukwa cha Ukaristia, lili m'sokosi. Sabata yatha anagwa kumpopi. Bambo ake akadziwa kuti mwadziwa amuchotsa sukulu. Ndinalumbira pa korona. Akuyatsa kandulo panopa."

Aka kanali koyamba kuti Wayilesi anene nkhani popanda kuwonjezera kanthu.

A Sisitere sanafunse funso. Anam'gwira phewa kamodzi n'kupita mwachangu kuchipinda chija. Wayilesi anakalowa pamzere wa kalasi yake.

Misa inachedwa pang'ono kuyamba. Nyimbo yolowera itayamba, anthu onse anatembenuka. Kunabwera wa lubani, kenaka wa mtanda, kenaka makandulo awiri. Kandulo ya Timba inali m'manja mwa mtsikana wina. Timba anali pambuyo, atanyamula buku la Misa pachifuwa, ndipo a Sisitere ankayenda pambali pake ngati akungodutsa. Maso a mwanayo anali ofiira. Podutsa pa benchi ya Wayilesi sanacheuke.

Kumbali ya makolo, bambo wina wamapewa aakulu, wovala jekete imene inkaoneka kuti imatuluka kamodzikamodzi, anasuzumira kuti aone bwino. Anayang'ana kandulo, anayang'ana mwana wake, anayang'ana a Sisitere. Nyimbo anaisiya pakati.

Timba sanagwe. Anatumikira Misa yonse, analandira Ukaristia, natuluka bwinobwino. Wayilesi sanadziwe ngati athokoze kapena alire. Mwina ndi piritsi limene a Sisitere anam'mwetsa. Mwina sakanagwa n'komwe, ndipo lumbiro linasweka pachabe. Palibe akanamuuza.

Pambuyo pa Misa anakumana pampopi. Panalibe wina.

"Timba, ndimvere kaye."

"Anthu anandiuza tsiku loyamba kuti musamuuze kanthu ameneyo," anatero Timba osakweza mawu. "Ine ndinawayankha kuti mngelo wanga si wotero."

Anatseka mpopi n'kuchoka. Mawu amenewo anam'pweteka Wayilesi kuposa chikwapu chilichonse chimene analandirapo pasukulupo.

7. Pakhonde la ofesi

Makolo ena atabalalika, kalipentala uja analowa m'chipinda cha a Sisitere ndi mwana wake. Wayilesi anayenera kukhala m'kalasi ya masamu, koma anakakhala pakhonde, pafupi ndi chitseko. Mawu a bamboyo ankamveka kukwera ndi kutsika. A Sisitere ankayankha mofatsa, mwakuti sankamveka.

Patapita nthawi Timba anatuluka yekha, napita kukalasi kwake. Pobwera anali atanyamula chikwama chotupa, mabuku onse a m'desiki ali momwemo, ndi kapu yake yomwera madzi ikulendewera pa lamba. Anam'dutsa Wayilesi ngati akudutsa mzati, n'kulowanso.

Wayilesi anaphimba nkhope ndi manja.

Chitseko chinatsegukanso. Anali a Sisitere, nkhope itatopa.

"Bambo akuti mwana apita naye lero, ndipo sabweranso," anatero motsitsa mawu. "Ndalankhula zonse zimene ndikudziwa. Akuti ife akuluakulu timalonjeza bwino muofesi, koma amene amaseka mwana wawo ndi ana anzake, kubwalo, ife kulibe. Ndiye ndawapempha kuti asananyamuke amve kwa mmodzi wa anawo. Sukukakamizidwa."

"Ndikanene chiyani, a Sisitere?"

"Sindikudziwa, mwana wanga."

Wayilesi anapukuta maso ndi mkono wa juzi n'kulowa. Timba anali ataima pakona, atakumbatira chikwama chake. Bambo aja anakhala kumapeto kwenikweni kwa mpando wofewa, chipewa chili pabondo. Zala zawo zinali ndi zipsera za ntchito. Wayilesi ankayembekeza nkhope yolusa, koma anaona nkhope ya munthu wamantha.

"Ndiwe waulula za mwana wanga?"

"Ndine, bambo."

"Unamuona atagwa?"

"Ndinamuona."

"Ndiye unathawa."

"Ndinathawa pang'ono, kenaka ndinabwerera."

Bambo aja anakoka mpando winawo ndi phazi n'kuuika patsogolo pawo.

"Kusukulu inayo palibe anabwerera," anatero. "Khala apa. Undiuze, iweyo ndi pakamwa pakopo, chifukwa chimodzi choti ndimusiye mwanayu pasukulu pano."

Pakona paja, Timba anakweza maso. Wayilesi anakhala pansi.